Musanagule gemu pa intaneti, onani kaye loko yake

Anzanga okonda magemu a pakompyuta kuno ku Zomba, makamaka inu ophunzira okhala ku Chikanda amene ndalama ya gemu mumaidula pa ya ndiwo, dziwani kuti mukalipira pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, gemuyo sikhala yanu ngati njinga. Mwagula chilolezo chosewerera basi, ndipo kuyambira mu 2024 Steam imalemba zimenezi poyera musanalipire. Chilolezocho chimakhala pa akaunti yanu, simungachigulitse kwa mnzanu mukatopa nayo.

Zoopsa kwambiri ndi magemu ofuna intaneti nthawi zonse. Pa 31 Marichi 2024 kampani ya Ubisoft inatseka ma server (makompyuta oyendetsa gemu pa intaneti) a gemu yake ya The Crew, ndipo onse amene anaigula, ngakhale pa disiki, anatsala manja mbee. Magemu ena ali ndi loko ya Denuvo, yomwe nthawi ndi nthawi imafuna intaneti kuti itsimikize kuti munagula. Bandulo ikakutherani Loweruka usiku, gemu yanu yomwe ikhoza kukana kutseguka. Kawirikawiri Steam imalemba pambali pa gemu ngati ili ndi loko yotere, ndiye werengani musanadine.

Ine ndimakonda GOG, sitolo ina ya magemu ya pa intaneti, chifukwa magemu ake alibe lokoyi. Mukagula, tsitsani installer yake (fayilo yoikira gemu pa kompyuta) muisunge pa hard disk yapadera, m'kabati mouma, chifukwa chinyezi cha kuno m'dzinja chimawononga zipangizo. Laputopu ikafufutika mumangoikanso gemuyo osawononga bandulo.

Pa Steam, gemu ikakana kuyenda bwino pa kompyuta yanu, pemphani ndalama zanu pasanathe masiku 14 chigulireni, musanasewere maola 2.