Galu Wanu Akadulidwa Mwendo

Galu sachedwa kuzolowera miyendo itatu, povuta ndi masabata awiri oyamba. Musamulole kunyambita bala. Mumuveke kolala yapulasitiki (chotchinga cha m'khosi chomulepheretsa kufikira balalo) mpaka adokotala a ziweto atachotsa ulusi, nthawi zambiri pakatha masiku 10 mpaka 14. Azigona pouma, kutali ndi ntchentche, chifukwa zikaikira mazira pabala pamatuluka mphutsi. Pasimenti yopolishidwa amaterereka, choncho yalani chiguduli. Potuluka kukadzithandiza, mupititse thaulo pansi pa mimba yake muzimuchirikiza.

Chonde, musamupatse Brufen wanu, amawononga m'mimba ndi impso za galu. Bala likatupa kwambiri, likanunkha kapena kutuluka mafinya, thamangani naye kwa adokotala. Akachira musamunenepetse ndi mikute ya nsima, makamaka ngati wadulidwa mwendo wakutsogolo, poti kutsogoloko n'kumene kumasenza gawo lalikulu la thupi.