Kuika minda ya kalabu pa mapu a pa foni

Pa kalabu yathu ya alimi, foni zolowa pa intaneti n'zochepa, koma imodzi yokha ikukwanira kuika minda yathu yonse pa Google Maps. Ine ntchito yaikulu imene ndawapezera mapuwa ndi yolondola mbozi za ntchemberezandonda, zija zatisautsa m'chimanga kuyambira 2017.

Yambirani pamalo pamene netiweki ikugwira bwino. Tsegulani Google Maps, dinani chithunzi chanu pakona yakumtunda, musankhe "Offline maps" n'kutsitsa dera lanu lonse. GPS, imene imauza foni malo amene muli, payokha sidya bandulo, choncho kadontho kabuluu kosonyeza pamene mwaima kamayenda nanu ngakhale kudimba.

Mukafika m'munda, imani pakati penipeni. GPS imaphonya ndi mamita angapo, ndiye mukaima m'malire chizindikiro chikhoza kugwera m'munda wa mnzanu. Dinikizani chala pafupi ndi kadontho kaja mpaka patuluke chizindikiro chofiira, dinani "Save", muchiike pa mndandanda umodzi wa kalabu.

Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi. Chizindikiro chopanda mawu sichithandiza aliyense. Yendani m'mundamo mokhotakhota ngati chilembo cha W, muime malo 5, paliponse muyang'ane mapesi 10 m'kati mwa masamba anthete akunsonga. Masamba obooka ndi ndowe za mbozi zikukuuzani kuti zilimo. Kenako lembani pa chizindikirocho tsiku, mtundu wa mbewu, tsiku limene anabzala ndiponso kuchuluka kwa mapesi ogwidwa mwa 50 aja. Tsiku lisasowe ayi, chifukwa wowerenga mu February adzayesa ndi za dzulo pamene munalemba mu December.

Mukabwerera pa netiweki, tumizani linki ya mndandandawo pa gulu la WhatsApp, ndipo alangizi akhalemo. Iwo dera lawo ndi lalikulu, njinga imodzi. Akaona zizindikiro zaunjikana kutsidya kwa mtsinje amadziwa koyambira. Pa mndandanda wina ikanipo zabwino: munda wachitsanzo wa mtayakhasu, khomo limene akupanga manyowa a Mbeya, amene ali ndi mbewu ya nandolo. Opanda foni muziwaonetsa pa msonkhano wa kalabu.

Munda wa munthu musauike pa mapu musanamupemphe. Ndipo wina akati muyezere malire a munda wokanganirana, kanani, muwatumize kwa amfumu.