Kumwezi kukamadumphadumpha pamene mukufuna mwana

Amayi anzanga, mwezi ukadutsa osasamba, yambani ndi kuyeza mimba. Gulani kachipangizo ka mkodzo kaja, muyeze m'mamawa. Kakaonetsa kuti mulibe, dikirani sabata muyezenso, chifukwa mapiritsi amene ndikambe apa samwa munthu woyembekezera.

Ine chimene chinandisokoneza chinali jakisoni wolera wa miyezi itatu, Depo. Ukamusiya thupi limachedwa kubwerera mwakale, ena mpaka chaka osaima, koma si kuuma ayi. Kwa ena ndi PCOS (vuto la mahomoni limene limalepheretsa dzira kutuluka mwezi ndi mwezi), chithokomiro, kuchuluka kwa prolactin imene imayambitsa mkaka, ngakhalenso kunenepa kapena kuwonda kwambiri. Ikakwana miyezi 3 osasamba, kaonaneni ndi dokotala wa amayi, monga ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Abambo akunyumba musawasiye, akayezetse umuna. Kumwa mapiritsi miyezi yambirimbiri vuto lili kwa iwo n'kutunga madzi ndi dengu.

Dokotala akatsimikiza kuti simuli oyembekezera, amatha kukupatsani mapiritsi otchedwa Provera kwa masiku 5 mpaka 10, ndipo mukamaliza msambo umabwera. Tsiku loyamba kuona magazi enieni, osati timadontho, ndilo tsiku 1. Lilembeni pakalendala, mutu umaiwala. Mapiritsi okhwimitsa dzira, Clomid kapena letrozole, amamwedwa masiku 5 okha, kuyambira tsiku limene wanena dokotala, kawirikawiri pakati pa tsiku 2 ndi 5. Dzira limatuluka pakadutsa masiku 5 mpaka 10 mutamwa piritsi lomaliza. Sabata imeneyo muzikhala malo amodzi modumphitsa tsiku, osati kupanikizana usiku uliwonse mpaka kudana. Cha pa tsiku 21 amayeza magazi kuona ngati dzira linatulukadi. Folic acid muziimwa kuyambira panopa.

Chimene ndimakana ine n'kugula Clomid pa famase chifukwa anathandiza mnzanu wa ku banki m'khonde. Ngati njira zodutsa dzira zili zotseka, sagwira kanthu. Amachulukitsa mwayi wa mapasa, ndipo madokotala salola kupitirira miyezi pafupifupi 6. Kutentha thupi ndi kupsa mtima msanga zimachitika, ine ana a eni anandiona. Koma maso akayamba kuona mwachimbuuzi, kapena m'mimba mukatupa n'kumapweteka kwambiri, siyani kumwa mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati apongozi anakupatsani zitsamba, muuzeni dokotalayo.