Musakwirire root inspekitala asanaione

Nyengo ino ya mvula, pomwe mafakitale a shuga amayimitsa makina kuti akonze mapaipi ndi maboilara, makontrakitala akuyesa owotcherera asanawalembe ntchito. Anyamata athu akulephera, ena mwa iwo amisiri enieni a manja abwino. Chikuwagwetsa ambiri ndi chimodzi: kuthamangira kukwirira mzere woyamba, uja timati root, inspekitala asanabwere kudzauona.

Pa mayeso a 6G paipi imamangidwa mopendekeka pa madigiri 45 ndipo sisunthidwanso mpaka mumalize. Inspekitala amalemba chizindikiro chake ndi chanu pachitsulocho, amayeza mpata wa pakati pa zidutswa ziwiri za paipi ngati ukugwirizana ndi pepala la malangizo a kawotcheredwe lotchedwa WPS, ndiye amakuuzani kuti mukamaliza root muime mumuitane. Aliyense amamva, aliyense amagwedeza mutu. Koma munthu akangoona kuti penapake sipanalowe bwino, makamaka kunsi kuja komwe dzanja limatopa, amasuzumira uku ndi uku, n'kuona kuti bwanayo watembenuka, basi waikapo mzere wachiwiri.

Mukubisira ndani? Mkati mwa paipi amaunikamo ndi tochi. Chikapulumuka pamenepo, chitsulocho chimakajambulidwa ndi X-ray kapena kudulidwa timizere tomwe timapindidwa pa makina, tina mwa ito root ili kunja komwe chitsulo chimakokeka kwambiri. Malamulo a ku America oyesera owotcherera, otchedwa ASME Section IX, amati pakatseguka mng'alu woposa mamilimita 3, mwalephera. Slag (zinyalala zouma zochokera ku rodi) yomwe munaisiya mkati imaonekera poyera. Ndiye paipi yoyesera yapita, marodi apita, ndalama ya ku labu yapita, thiransipoti yanu yapitanso. Akakulolani kubwereza pompo, malamulo omwewo amafuna muwotcherere zitsulo zowirikiza kawiri, ndipo zonse zikhoze. Makontrakitala ena sadikira n'komwe zimenezo, amangoitana wotsatira pamzere.

Chopweteka kwambiri ndi zomwe inspekitala amatsala nazo m'mutu. Munthu woti wabisa cholakwa masana, woyesa ali pafupi, adzatani usiku ali yekha pamwamba pa sikafodi, pa paipi ya nthunzi yomwe pansi pake pamadutsa anthu? Amene walephera chifukwa dzanja silinakhwime amauzidwa kuti akayeserere abwerenso. Wobisa amakumbukiridwa dzina.

Khalidweli tikulidziwa komwe lachokera. Ndi la pa mageti ndi mafelemu a mawindo, komwe rodi ndi wamba uja wa E6013, galainda amasalaza, fila amatseka mabowo, penti n'kumaliza nkhani. Kasitomala amaona kuwala, walipira. Ntchito imeneyo yadyetsa mabanja ambiri ku Ndirande ndi ku Kawale, sindikuinyoza, koma tileke kupita nayo m'chipinda cha mayeso. Tidzanena mpaka liti?

Bambo wina wachikulire, mmisiri wodziwika kudera kwawo, anandipeza sabata yatha atabwerako ku Tete, nkhope ili gwaa, akudandaula za inspekitala yemwe anawayesa kumeneko. Akuti, "Achimwene, kamnyamata kaja n'kamsinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Manja ake osalala ngati a kalaliki. Kandiuze ine kuti ndiike galainda pansi?" Nditafunsitsa, nkhani inali yoti bambowo anasalaza mzere wapamwamba wonse kuti uoneke bwino. Mayeso awo anali otsatira malamulo ena a padziko lonse, a ISO 9606-1, omwe amalola kupala tizolakwa ting'onoting'ono m'mizere ya mkati, koma pa mzere womaliza amangolola pomwe munaimira ndi kuyambiranso. Mnyamatayo anaimitsa mayeso, ndipo lamulo limamupatsa mphamvu imeneyo. Bambowo mpaka pano akuti anangowada chifukwa ndi obwera. Ine ndinawauza kuti mnyamatayo amasainira dzina lake pa satifiketi yanu, paipi ikaphulika oyamba kufunsidwa ndi iye, kenako nambala yanu yomwe yadindidwa pambali pa joini. Sanakondwe nazo.

Sindikuti inspekitala salakwa. Akanena zosiyana ndi zomwe zili pa WPS, tengani pepalalo mumuonetse mwaulemu, moto usanayake. Kungoti "eya bwana" musanamve nakonso kwagwetsa anthu.

Zochita n'zodziwika kale. Werengani WPS musanagwire kanthu, ndipo funsani malo onse omwe muyenera kuima. Yesani moto pa kachitsulo kena kaye. Marodi a E7018, omwe safuna kunyowa, m'chinyezi chino atuluke mu uvuni wa madigiri a Celsius pafupifupi 120, osati m'thumba la ovolosi. Root ikalakwika imani, muitaneni, munene nokha pomwe palakwika ndi kufunsa ngati mukuloledwa kupala. Amene mwakhoza, kumbukirani kuti mukakhala miyezi 6 osawotcherera ndi njira yomwe munayesedwa nayo, satifiketiyo imatha mphamvu, choncho akulu a pantchito azikusainirani kuti mukuigwiritsabe ntchito njirayo.