Waya wa magetsi pa fakitale sagulidwa poyang'ana ndi maso

Amisiri anzathu, ndi inu eni mafakitale ndi nyumba zamalonda, funso lakuti "mota wa 30 kW amafuna waya wanji?" lilibe yankho limodzi. Mota yemweyo angafune waya wa 25 mm² pamalo ena, 50 mm² pamalo ena. Chimene chimasintha ndi kumene wayayo akudutsa komanso kutalika kwake.

Tiyambe ndi ma ampu. Ngati mota ali ndi chikwangwani chake, werengani pamenepo. Ngati palibe, mota wa 30 kW pa magetsi a mafezi atatu a 400 V amakoka pafupifupi 55 A, tikatenga power factor (gawo la magetsi okokedwa lomwe limagwiradi ntchito) ya 0.85 ndi efishensi (gawo la mphamvu yolowa lomwe mota amasandutsa ntchito) ya 0.92. Buleka yomwe ili pamwamba pa 55 A ndi ya 63 A. Lamulo lomwe lili mu IEC 60364 ndi BS 7671, mabuku a malamulo oikira mawaya a magetsi, ndi ili: ma ampu a makina asapose a buleka, ndipo a buleka asapose omwe waya angathe kunyamula. Ambiri amaiwala kuti buleka imaikidwa kuti iteteze waya. Ndiye munthu amene amaona buleka ikugwa pafupipafupi n'kungoikapo yokulirapo osasintha waya, wachotsa chitetezo chonse. Waya adzatentha mwakachetechete m'khoma, buleka ili chilili.

Apa ndi pamene ntchito imavutira. Mukatsegula tebulo la m'mabuku amenewa, waya wa kopa wokutidwa ndi pulasitiki ya PVC, wokhala ndi mafezi onse atatu m'chikuto chimodzi, woikidwa mu trunking (ngalande yotseka yodutsamo mawaya) pakhoma, amanyamula 80 A akakhala wa 25 mm², 99 A wa 35 mm², ndi 118 A wa 50 mm². Mungaganize kuti 25 mm² wakwana. Koma manambala amenewa analembedwa poganiza kuti mpweya ndi wa 30 °C ndipo wayayo ali yekha. PVC siyenera kupitirira 70 °C, chokutira china chotchedwa XLPE 90 °C, choncho malo akatentha kale, mpata woti waya atayire kutentha kwake umachepa. Pansi pa denga la malata kapena pafupi ndi boila, pomwe pamafika 40 °C, nambala ya PVC mumaichulukitsa ndi 0.87. Mukadzazanso mizere itatu, kutanthauza mawaya opita ku makina atatu osiyana, mu trunking imodzi, mawaya amatenthetsana, ndipo mumachulukitsa ndi 0.70. Ziwirizi mukazichulukitsa zimapereka 0.61. Gawani 63 A ndi 0.61, mupeza kuti mukufuna waya yemwe patebulo walembedwa 103 A kapena kuposa. Wa 35 mm² wapelewera ndi ma ampu anayi okha, koma kupelewera ndi kupelewera. Ndi 50 mm².

Ine ndimati musanathamangire kugula wamkulu, onani kaye njira. Kupatula mizereyo, kapena kuyala mawaya pa thileyi yoboola-boola pomwe mpweya umadutsa, nthawi zina kumatsitsa saizi kuposa momwe mumayembekezera. Waya wokwiriridwa pansi ali ndi tebulo lakelake, ndipo dothi louma silichotsa kutentha ngati lonyowa.

Tsopano kutalika. Waya akamatalika, ma voti amatayika panjira. Pamagetsi ochokera ku kampani yogawa, malire omwe malamulo aja amalangiza ndi 3% pa magetsi ounikira ndi 5% pa zina zonse, kutanthauza 20 V pa 400 V. Waya wa 25 mm² amataya pafupifupi 1.5 mV pa ampu iliyonse pa mita iliyonse. Mota wathu uja akakhala pamtunda wa mamita 250, ngakhale pamalo pozizira, 1.5 kuchulukitsa 55 kuchulukitsa 250 kumapereka 20.6 V. Mwadutsa kale malire, ndipo kumbukirani kuti 5% imawerengedwa kuchokera pomwe magetsi alowera, osati pa bolodi lomaliza. Vuto limakula mota akamayamba: wolumikizidwa mwachindunji, popanda chipangizo chomuyambitsa pang'onopang'ono, amakoka ma ampu kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu kwa masekondi ochepa. Ma voti akatsika ndi 10%, mphamvu yake yotembenuza imatsika pafupifupi 19%. N'chifukwa chake mumamva mota akungolira osazungulira, ma kontakita (ma switchi oyatsira mota) akugwedezeka, anthu n'kumanena kuti motayo ndi wabodza.

Aluminiyamu ndi wopepuka ndiponso wotchipa, ndipo pamizere ikuluikulu amagwira bwino ntchito, koma amadutsitsa magetsi pafupifupi 61% poyerekeza ndi kopa. Pamafunika wokulirapo, ndi ma lagi (tizitsulo tomangira nsonga za waya) oyenera aluminiyamu, omangidwa bwino, apo ayi polumikizira ndi pomwe pamayamba kupsa.

Za nyutulo, waya wobweza magetsi, musazichepetse. Kale zinali zachizolowezi kuika nyutulo wocheperako pa mafezi atatu. M'maofesi odzaza makompyuta, ma UPS (zipangizo za mabatire zopereka magetsi akazima) ndi mababu a LED, ma harmonic achitatu (ma ampu osokonekera omwe zipangizozi zimabweretsa) sathetsana, amaunjikana mu nyutulo, moti nyutuloyo angathe kunyamula ma ampu ofanana ndi a fezi, ngakhale kuposa. Pamenepo nyutulo akhale wofanana ndi anzake.

Pomaliza pa mawerengero, onetsetsani kuti waya angapirire shoti mpaka buleka itagwa, makamaka pafupi ndi thiransifoma pomwe ma ampu a shoti amakhala ochuluka kwambiri. Kumapeto kwa mzere wautali vuto limakhala losiyana: ma ampu a shoti amachepa, buleka n'kuchedwa kugwa. Ichi ndi chifukwa choyezera earth loop (njira yomwe ma ampu a shoti amadutsa kudzera mu waya wa earth) ndi mita yoyezera ntchito ikatha, ndi kulemba zotsatira pamodzi ndi saizi ya waya, kutalika kwake ndi njira yomwe wadutsa, kuti wodzawonjezera makina chaka chamawa adziwe mpata womwe watsala.