Kasinthidwe ka Oyilo ndi Fyuluta pa Galimoto ya Pikiapu

Pikiapu imagwira ntchito yakalavulagaga poyerekeza ndi galimoto zing'onozing'ono, chifukwa imanyamula katundu wolemera, imakoka ngolo ndiponso imayenda m'misewu yafumbi, ndipo zonsezi zimachititsa kuti oyilo wa mu injini athe mphamvu msanga. Oyiloyo ndi amene amateteza zitsulo kuti zisakhulane, amachepetsa kutentha, komanso amakokolola mwaye ndi tizidutswa tachitsulo n'kukazisiya mu fyuluta. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kuti asinthidwe galimoto ikayenda makilomita a pakati pa 5,000 ndi 10,000, kapena kamodzi pachaka ngati siyendayenda, koma amene amanyamula katundu m'fumbi angachite bwino kutsatira nambala yaing'onoyo. Ntchito yake si yovuta. Chimene chimawononga injini kawirikawiri ndi phuma pa zinthu ziwiri zazing'ono, zomwe ndi bawuti yotsekera oyilo ndi kamphira ka pa fyuluta.

Musanagule kanthu, werengani buku la galimoto yanu kuti mudziwe mtundu wa oyilo ndi kuchuluka kwake. Pa chigubu pamalembedwa manambala monga 15W-40 kapena 5W-30: nambala yoyamba imasonyeza mmene oyiloyo amayendera injini ikakhala yozizira, pamene yachiwiri imasonyeza kulimba kwake injini ikatentha. Palinso zilembo za API, zomwe zimasonyeza gulu la oyiloyo, ndipo zoyamba ndi C, monga CI-4, ndi za injini za dizilo, pomwe zoyamba ndi S, monga SN, ndi za petulo. Ngati pikiapu yanu ndi ya dizilo yamakono yokhala ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, pamafunika oyilo wosasiya phulusa lambiri, apo ayi sefayo imatsekeka, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Mapikiapu ambiri a dizilo amalowa malita 6 mpaka 9. Konzaninso fyuluta yatsopano, washa yatsopano ya pa bawuti, sipanala yokwana bwino, chomasulira fyuluta, fanulo, sanza, magolovesi ndi beseni lalikulu kuposa oyilo amene atuluke.

Lizani injini kwa mphindi pafupifupi 5 kuti oyilo afunde, popeza wofunda amatsika mosavuta ndipo amatuluka ndi zinyalala zambiri, koma asachite kutentha mpaka kukuwotchani. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, zimitsani injini, kokani handibuleki ndipo muike zopinga kumatayala. Mapikiapu ambiri ndi okwera mokwanira moti munthu amatha kulowa kunsi popanda kuwakweza, koma ngati mwakweza, ikani zochirikiza zachitsulo zopangidwira ntchito imeneyi. Ndikuchonderereni, musalowe kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke yokha, ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Tsegulani boneti ndi kumasula chivindikiro cha pothirira oyilo, kenaka lowani kunsi. Ngati pali chimbale chachitsulo chotchinga injini ku miyala, mungafunike kuyamba mwachichotsa. Bawuti imene mukufuna ili pansi pa sampu, kamphika kosungira oyilo kamene kali kunsi kwenikweni kwa injini, ndipo muonetsetse kuti simunaisokoneze ndi ya giyabokosi, yomwe imakhala chakumbuyo pang'ono. Ikani beseni motalikirako kumbali imene bawutiyo yaloza, chifukwa oyilo amayamba ndi kuthamanga mwamphamvu asanayambe kutsika molunjika. Masulani ndi sipanala, koma mazinga omalizira mumalize ndi zala, mukuikankhira mkati, ndipo ikangomasuka muichotse msangamsanga. Dikirani mphindi 10 kapena 15 kufikira atayamba kungodontha.

Pamene mukudikira, yang'anitsitsani zimene zagwera m'beseni. Oyilo wa injini ya dizilo amada bii patangopita nthawi yochepa chifukwa cha mwaye, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa. Koma akamaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, ndiye kuti madzi akulowa mu injini, ndipo mukaona tizitsulo tonyezimira tambiri, pali chimene chikuperepeseka mkatimo. Zikatero pitani kwa makaniko musanayende ulendo wautali.

Pukutani bawuti, ikani washa yatsopano, ndipo muyambe kumanga ndi zala kuti mazinga alowe mowongoka. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, poganiza kuti kumanga kwambiri ndiko kuletsa kudontha. Chimene chimatseka oyilo ndi washa, osati mphamvu za mkono, ndipo mukapitiriza muyeso mazinga a sampu amadyeka, makamaka ikakhala ya aluminiyamu. Pa galimoto zambiri muyeso wake umakhala cha m'ma 30 mpaka 40 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), koma tsatirani nambala ya m'buku lanu.

Tsopano sunthirani beseni kunsi kwa fyuluta n'kuimasula, podziwa kuti nayonso ili ndi oyilo amene atayike. Ikachoka, itembenuzeni muone ngati kamphira kake kozungulira kachoka nayo limodzi. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira: tsiku lina kamphira kakale kanakanirira pa injini osakaona, ndinamangirapo fyuluta yatsopano, ndipo nditangoliza injini oyilo anafwamphuka pakati pa timphira tiwirito n'kudzaza pansi ponse m'kanthawi kochepa. Zikanachitikira pamsewu, injiniyo ikanafa. Choncho pukutani malowo ndi sanza yoyera, pakani oyilo watsopano pang'ono pa kamphira katsopano ndi chala, ndipo mumange ndi manja okha. Kamphirako kakakhudza injini, onjezerani kupotoza pang'ono kosakwana kuzungulira kamodzi, monga momwe alembera pa fyulutayo. Galimoto zina zili ndi fyuluta yapepala yolowa m'chibekete chosatayidwa, ndipo pa zoterozo mumasintha pepalalo pamodzi ndi timphira timene timabwera m'katoni.

Thirani oyilo kudzera m'fanulo, koma musiyeko theka la lita poyamba, pakuti kuwonjezera n'kosavuta kusiyana ndi kuchotsa. Tsekani chivindikiro, lizani injini popanda kuponda moto, ndipo nyali ya oyilo iyenera kuzima m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani injini nthawi yomweyo. Isiyeni ilire kwa mphindi ziwiri mukusuzumira kunsi ngati pa bawuti kapena pa fyuluta pakudontha. Mukazimitsa, dikirani mphindi 5 kuti oyilo abwerere mu sampu, solani kachitsulo koyezera, kapukuteni, kabwezereni mpaka kumapeto n'kukasololanso. Oyilo alekeze pafupi ndi chizindikiro chapamwamba koma asapitirire, chifukwa wochuluka amachita thovu ndipo amatha kuphulitsa masilo, timphira totchinga oyilo kuti asatuluke mu injini.

Oyilo wakale musamuthire pansi kapena m'ngalande, popeza amaipitsa nthaka ndi madzi akumwa, komanso si wabwino pakhungu, choncho sambani m'manja ndi sopo. Muthireni m'zigubu zimene zatsala zopanda kanthu, mutseke bwino, ndipo mukapereke limodzi ndi fyuluta yakale ku galaja kapena kumalo amene amalandira oyilo wotha ntchito. Lembani tsiku ndi makilomita a pa galimoto m'kabuku, ndipo m'mawa mwake, musananyamuke, muyang'anenso pansi pamene galimotoyo inagona ngati pali dontho lililonse.