Momwe mungayezere kayendedwe ka nkhosa pa kafukufuku wa mafupa

Zitsulo zambiri zomwe madokotala amamangira fupa lothyoka la munthu zimayamba zayesedwa kaye pa nkhosa. Nkhosa yayikulu imalemera pafupifupi ngati munthu, makilo 60 kapena 70 akomweko, ndipo mafupa ake ammiyendo ndi atali moti pleti ndi masikuluwu zimakwana bwinobwino, nchifukwa chake malo ngati AO Research Institute ku Davos ku Switzerland akhala akugwiritsa ntchito nkhosa kwa zaka zambiri. Vuto ndilakuti nkhosa siyinganene kuti apa pakundipweteka, ndiye umayenera kuona mmene ikupondera.

Choyamba pezani chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa nyama pa kafukufuku. Mfundo zomwe asayansi awiri, Russell ndi Burch, analemba mu 1959 zikugwirabe ntchito: ngati pali njira ina musagwiritse nyama, ngati palibe gwiritsani zochepa, ndipo zisavutike. Kenako dokotala wa ziweto ayang'ane ziboda, awenge zomwe zatalika, nkhosa yomwe ikutsimphina kale kapena ziboda zikuola ichotsedwe mugulu.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amathamangira makamera nkulakwitsa. Nkhosa ndi nyama yamantha komanso siyifuna kukhala yokha, mukayipatula kwa zinzake nkuyiyika mukanjira koyezera kayendedwe imangolira, kujowa kapena kuima njii osasuntha, ndipo manambala omwe mungapeze pamenepo ndi amantha osati amwendo. Ndiye muyizolowetse kwa masabata angapo, kanjira komweko, munthu yemweyo, nthawi yomweyo tsiku lililonse. Kumapeto kwa kanjira ikani zinzake ziwiri mukakhola ndi ndowa yachakudya, muona imayamba kuyenda yokha mutu uli kutsogolo. Osayikoka ndi chingwe chonde, mukayikoka kulemera kumasamukira miyendo ina. Pansi pakhale labala yosaterera, pasimenti yosalala imayenda monyang'ama ngati munthu pamatope.

Ikazolowera metani ubweya pomwe fupa limamveka ndi chala, pachiuno, pabondo, pachigongono chakumbuyo ndi pamwamba pachiboda, nkumatapo timipira tonyezimira. Musamate paubweya, timagwedera tokha. Ngakhale khungu lenilenilo limaseseleka pamwamba pafupa makamaka pabondo, ndiye womata akhale munthu mmodzi nthawi zonse.

Zida zimatengera thumba. Malabu akuluakulu ali ndi makamera a Vicon kapena Qualisys otsata timipira tija, force plate ya Kistler yoyeza mphamvu yomwe chiboda chikuponda nayo, ndi mphasa ya Tekscan yoonetsa phazi lililonse palokha. Ngati mulibe izi foni yojambula mafelemu (zithunzi) 240 pasekondi imathandiza, iyikeni pa sitandi chammbali molingana ndi msinkhu wa nkhosa, ndodo ya mita imodzi ioneke muchithunzi, kenako vidiyoyo muyilowetse mu Kinovea, pulogalamu yaulere yapakompyuta. Mphamvu simungayeze nayo ayi, koma kutalika kwa sitepe, nthawi yomwe chiboda chakhala pansi ndi mmene bondo likupindikira mupeza.

Yezani opaleshoni isanachitike, maulendo abwino osachepera asanu pa nkhosa iliyonse, yomwe yathamanga, yaima panjira kapena yatembenuza mutu ulendo umenewo tayani. Liwiro likhale lofanana chifukwa ikangofulumira pang'ono manambala onse amasintha. Nkhosa yabwinobwino imasenza pafupifupi 60 peresenti ya thupi pamiyendo yakutsogolo, 40 kumbuyo, kumanzere ndi kumanja kumafanana.

Opaleshoni ikachitika bwerezani zomwezo pamasabata omwe munakonza, muziyipimanso pasikelo tsiku lomwelo poti mphamvu zimawerengedwa molingana ndi kulemera kwake. Ndipo musangofananiza mwendo wodwala ndi unzake wambali inayo, umenewo ukusenza katundu wowonjezera ndiye nawonso wasintha, fananizani ndi manambala a nkhosa yomweyo aja munatenga ili bwino. Ikasiya kupondera mwendowo kapena kudya, itanani dokotala wa ziweto pompo, zoyeza zidikire.